Mwana wa achimwene akufuna za maloboti: apite kusukulu kapena alowe ntchito?

Nachisale wa ku Nchalo:
Abale ndi alongo a m'Chigwa, mwaswera bwanji ndi dzuwali? Ndabwera ndi nkhani ya m'banja, mundigawireko nzeru. Mwana wa achimwene anga, amene ndinamulera ine bambo ake atatisiya, wamaliza digiri ya uinjiniya wa zamagetsi. Tsono mwayi wamugwera pawiri. Uku amupatsa sikolashipi ya zaka 2 kunja kuti akaphunzire za maloboti, ndipo akuti akakakhoza bwino atha kupitiriza mpaka PhD n'kudzakhala mphunzitsi wa ku yunivesite. Uku kampani ina ya ku Blantyre yoika ndi kukonza makina a m'mafakitale ikumufuna mwezi wa mawa. Iye mtima wake uli ku malobotiko. Ine mtima wanga uli pa azing'ono ake awiri amene fizi yawo ikuyang'ana ine. Funso langa ndi lakuti, munthu wophunzira za maloboti amadya chiyani? Ine maloboti amene ndimawadziwa ndi a pamsewu ku Blantyre aja, ofiira ndi obiriwira.

Malume a ku Ngabu:
Mayi, apa palibe chovuta. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ntchito yapezeka, mwana alowe ntchito. Ife tinagulitsa ng'ombe kuphunzitsa ana, lero mapepala ali m'sutikesi akudikira chiswe. Malobotiwo adzaphunzira atakhuta.

Wakabaza wa pa Bangula:
Kkkkk maloboti ku Chigwa? Ayambe wapanga yopalasa njinga masana a Okutobala itanyamula matumba awiri a mapira, tione ngati siikomoka.

Aphunzitsi Opuma, Chikwawa:
Tisafulumire kuseka, ana inu. Mayi Nachisale, loboti si chidole chooneka ngati munthu chokha ayi. Ndi makina alionse amene ali ndi zinthu zitatu: chomvera zimene zikuchitika, chimene amati sensa, kakompyuta koganizira, ndi mota yochitira chimene kakompyutako kalamula. Pampu imene imadzizimitsa yokha thanki ikadzaza ndi mdzukulu wake wa loboti ameneyo. Ndipo si zachilendo. Loboti yoyamba ya m'fakitale, dzina lake Unimate, inayamba ntchito mu 1961 ku fakitale ya General Motors ku New Jersey, kunyamula zitsulo zotentha zimene zinkawotcha anthu manja. Ife kuno tinali tisanalandire n'komwe ufulu wodzilamulira.

Injiniya ku Joni:
Zikomo aphunzitsi, munatiphunzitsa bwino ndipo simunasinthe. Mayi, ine kwathu ndi ku Bangula, ndimagwira ntchito imeneyi ku Johannesburg, kuika mikono ya maloboti ndi makompyuta oyendetsa makina m'mafakitale. Munthu amadya ndithu, musade nkhawa. Koma ndikuuzeni kusiyana kwa njira ziwirizi monga ndinakuonera ine, chifukwa ndinalawako konse.

Ku yunivesite loboti yako ikagwira ntchito kamodzi kapena kakhumi, umajambula vidiyo, umalemba pepala la kafukufuku, anzako amawomba m'manja, basi wapambana. Ikafa mawa lake palibe amene akuimbire foni. Ku bizinesi loboti yomweyo iyenera kugwira Lolemba, Lachiwiri, usiku, pa Khirisimasi, iwe uli kutali, ndipo ikaima kwa ola limodzi mwini fakitale akuwerengera ndalama zimene wataya n'kuzilemba pamutu pako.

Ndinaphunzira zimenezi ndi misozi kwathu konkuno. Zaka zingapo zapitazo ndinapanga kamakina kothirira: sensa m'nthaka imve chinyontho, madzi atseguke okha, atsekeke okha. Pa tebulo langa ku Joni kanayenda miyezi itatu osalakwitsa. Ndinakabweretsa kumunda wa bambo ena kumudzi, sinditchula dzina. Sabata yoyamba bokosi linali padzuwa la kwathu lija lopitirira madigiri 40, batire inafufuma ngati chitumbuwa. Ndinasintha. Nyerere zinamanga mudzi m'bokosimo. Ndinamata. Makoswe anadya mawaya. Kenako matope a m'madzi a Shire anatseka vavu. Pomaliza wina anaba sola. Bambo aja anandiuza mwaulemu kuti, mwana wanga, mlonda wa njinga ndimamupatsa ndalama zochepa kuposa izi, ndipo iye makoswe samudya. Palibe buku limene linandiuzapo za nyerere.

Ndiye ine ndikuti ayambe walowa ntchito zaka ziwiri kapena zitatu, adetse manja, aone mmene makina amafera. Sukulu siithawa.

Mlekichala wa kwa Tengani:
Achimwene a ku Joni, nkhani ya nyerereyo yandiseketsa, koma mawu anu omalizawo ndikukana. Sukulu siithawa, inde, koma sikolashipi imathawa. Ine ndimaphunzitsa za uinjiniya pa yunivesite ina kuno kumudzi, ndipo ndaona ana ambiri anzeru amene anati ndigwire kaye ntchito zaka ziwiri. Zaka ziwirizo zinabala ukwati, ngongole ya galimoto ndi ana atatu, mpaka lero akunenabe kuti chaka chamawa.

Chinanso, mukuyankhula ngati yunivesite ndi bizinesi ndi midzi iwiri yodana. Mu ntchito ya maloboti makampani ambiri otchuka anabadwira m'malabu a sukulu. Rodney Brooks, mbadwa ya ku Australia, anali pulofesa pa yunivesite ya MIT ku America pamene anayambitsa kampani ya iRobot mu 1990 pamodzi ndi Colin Angle ndi Helen Greiner, amene anaphunzira pa sukulu yomweyo. Marc Raibert anayamba ndi labu yophunzitsa makina kudumpha ndi mwendo umodzi pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America komweko, anapita nayo ku MIT, kenako mu 1992 n'kutsegula Boston Dynamics, eni ake a maloboti othamanga ngati agalu mumawaona pa Facebook aja.

Koma amene ndimamukonda kuwafotokozera ana anga m'kalasi ndi Raffaello D'Andrea. Ameneyu ali pa yunivesite ya Cornell ku America ankatsogolera ophunzira kupanga timaloboti tosewera mpira, ndipo timu yawo inatenga chikho cha dziko lonse cha RoboCup kanayi. Mukanakhala inu malume a ku Ngabu mukanati akuwononga ndalama za makolo. Koma nzeru yoti timakina tambiri tiziyenda pamalo amodzi osagundana ndi imene anapita nayo ku kampani ya Kiva Systems, imene anathandiza kuyambitsa, yopanga maloboti onyamula mashelefu m'nyumba zosungira katundu. Amazon inagula kampaniyo mu 2012 pa madola 775 miliyoni. Ndipo iye sanasiye uphunzitsi, ali pa yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Malume a ku Ngabu:
Mpira wa maloboti? Odi, nanga ikagoletsa imavina?

Injiniya ku Joni:
Achemwali a kwa Tengani, zonse mwanenazo ndi zoona, koma mwafotokoza ukwati osatchula za maliro. iRobot inayamba 1990, koma Roomba, kaloboti kosesa m'nyumba kamene kanawabweretsera ndalama zenizeni, kanatuluka mu 2002. Zaka 12 akuyesa ichi n'kusiya, kuyesa icho n'kusiya. Ndani kwathu kuno angapirire zaka 12 azing'ono ake akudikira fizi? Brooks yemweyo anatsegula kampani ina mu 2008, Rethink Robotics, anapanga loboti ya manja awiri yotchedwa Baxter mu 2012, manyuzipepala onse anailemba. Mu 2018 kampaniyo inatsekedwa. Munthu wake anali pulofesa wa ku MIT, wodziwa kuposa tonse tili pano, koma mafakitale sanagule mokwanira. Boston Dynamics nayo inagulidwa ndi Google mu 2013, SoftBank mu 2017, Hyundai mu 2021. Galu wawo uja, Spot, anayamba kugulitsidwa poyera mu 2020 pa madola 74,500, patatha zaka 28 kampani ilipo.

Malume a ku Ngabu:
Ng'ombe yogulitsidwa katatu pa zaka 8 ine pamsika wa pa Ngabu sindiiyandikira. Ili ndi chake imeneyo. Ndipo galu wa madola 74,500 akamaluma wakuba azilumanso ndi abale ake omwe.

Mlekichala wa kwa Tengani:
Kkkk malume inu. Koma achimwene a ku Joni, mwandithandiza osadziwa. Anthu amenewa kampani ikagwa sanagone ndi njala, chifukwa anali ndi mapepala ndi dzina. Brooks atatseka Rethink anatsegulanso ina chaka chotsatira. Munthu wa digiri imodzi kampani yake ikagwa amabwerera kudzakhala pakhonde pa azakhali ake ku Nchalo.

Kapitawo wa ku Nzimbe:
Ine ndalowa mochedwa, ndinali kumunda. Ndawerenga zonse ndipo pali chimene simukuchinena. Ine ndimayang'anira anthu odula nzimbe. Amadzuka usiku, amalowa m'munda wootchedwa, amatuluka akuda bii ndi phulusa, koma ndi chikwanje chimenecho amaphunzitsa ana, amamanga nyumba za malata ku Nsanje, ku Thyolo, ku Mulanje. Makina odula nzimbe alipo kale m'mayiko ena, amodzi amagwira ntchito ya anthu ochuluka zedi. Tsono mwana wathu yemwe, wakula ndi ndalama za shuga pa Nchalo, tikamutumize kunja akaphunzire kuchotsa amalume ake ntchito? Mundiyankhe bwinobwino apa, musandinamize ndi Chingerezi.

Injiniya ku Joni:
Bambo Kapitawo, sindikunamizani. Ndinaikapo makina m'fakitale ina kuno ndipo mzere umene unali ndi anthu ambiri unatsala ndi ochepa. Tsiku limenelo nsima sinatsike bwino. Koma makina odula nzimbewo akadzafuna kubwera sadzafunsa ngati mwana wa mayi Nachisale anapita kusukulu kapena ayi. Adzabwera pa lole kuchokera ku Brazil kapena ku Australia, limodzi ndi munthu wake wowakonza, amene adzalipidwa madola. Funso limene latsala kwa ife ndi lakuti wokonzayo adzakhale wa kwathu kapena mlendo.

Kapitawo wa ku Nzimbe:
Wokonza mmodzi, odula mazana. Masamu amenewo ngakhale ine wa Sitandade 8 ndikuwatha. Sindinakhutire, koma pitirizani.

Namwino wa ku East Bank:
Bambo Kapitawo ali ndi mfundo, tisaikwirire. Koma ndiikepo mbali ina, chifukwa pali ntchito zimene palibe munthu akuzilimbirana. Inu a tsidya ilo simudziwa mmene kuno kumakhalira madzi akasefukira. Mu 2015, namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu 2022, namondwe Freddy mu 2023, nthawi zonsezi Makhanga amasanduka chilumba. Msewu palibe, bwato likuopa ng'ona ndi mphamvu ya Ruo. Zaka zapitazi ma drone, tindege topanda woyendetsa, a kampani ya ku Australia ya Swoop Aero ankauluka m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa kunyamula mankhwala, katemera ndi magazi okayezetsa. Ulendo wotha tsiku lonse unkatha mphindi zowerengeka. Drone ndi loboti imene ija aphunzitsi anena, kungoti ili ndi mapiko. Ndipo oziulutsa ndi kuzikonza ambiri anali ana a Chimalawi. Tsono mayi Nachisale, maloboti munawaonapo, ankadutsa pamwamba pa denga lanu.

Aphunzitsi Opuma, Chikwawa:
Zoona mayi namwino. Ndipo Malawi sanachedwe pa zimenezi. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu, ndipo mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, mogwirizana ndi Virginia Tech ya ku America ndi MUST yathu ya ku Thyolo, pamwamba pathu pomwepa. Ku Rwanda kampani ya Zipline inayamba kutumiza magazi m'zipatala ndi ma drone mu 2016. Chodabwitsa n'chakuti eni ake anayamba ndi kupanga kachidole ka loboti koyendetsedwa ndi foni, anaona kuti sikapita nawo patali, n'kutembenukira ku magazi.

Wakabaza wa pa Bangula:
Ndiye ma drone amenewa ndi amene adzatilande makasitomala ife. Bola asamanyamule anthu.

Nachisale wa ku Nchalo:
Abale, mwandiphunzitsa zambiri koma mutu wayamba kuzungulira. Mayi a kwa Tengani, inu muli m'katimo. Ndiuzeni chilungamo ngati mkazi mnzanu, moyo wa mlekichala ndi wotani? Ndikamuona mwanayu atavala gauni ya PhD, nyumba adzamanga?

Mlekichala wa kwa Tengani:
Mayi, chilungamo ndi ichi. Nyumba adzamanga, koma pang'onopang'ono. Malipiro amabwera mwezi ndi mwezi, ulemu ulipo, ana ako amakula akuona mabuku. Koma njira ndi yaitali: Masters zaka 2, PhD zaka 4 kapena 5, ndipo nthawi yonseyo ndalama ya sikolashipi ndi yongokwanira lendi ndi chakudya, yotumiza kumudzi ndi ya sopo basi. Akabwerera kuno adzapeza kalasi ya ana oposa 100, mayeso oti achonge mulu, misonkhano yosatha, kafukufuku amachita usiku ena akugona. Kukwezedwa pantchito kumadalira mapepala amene wasindikiza, ndipo ndalama za kafukufuku umachita kupempha kunja, kulemba makalata khumi kuti ayankhe mmodzi.

Chimene chimandipweteka kwambiri ine ndi zipangizo. Kasensa kamene mnzanga wa ku Ulaya amaitanitsa lero n'kufika mawa, ine ndimadikira miyezi: mafomu, makoteshoni atatu, kenako akuti ndalama zakunja palibe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti ya pulojekiti yanga ina inachepa mphamvu kwambiri ndili m'tulo. Mwana wina anamaliza sukulu mota imene ankafuna pa pulojekiti yake isanafike. Tinachita kumasula ya m'printa yakufa.

Ndipo musaganize kuti kukokana kwa sukulu ndi makampani n'kwathu kokha. Mu 2015 kampani ya Uber inatenga akatswiri a maloboti pafupifupi 40 ku Carnegie Mellon nthawi imodzi, powalonjeza malipiro okwera. Ngati sukulu yolemera chotero inalephera kuwagwira, nanga ife? Ana anga okhoza kwambiri ambiri ali ku mabanki ndi ku makampani a mafoni.

Koma ndisakusiyeni ndi zowawa zokha. Kusowa kumaphunzitsanso. Ku Ghana kuli mayi wina, Ayorkor Korsah, anatenga PhD ya maloboti ku Carnegie Mellon n'kubwerera kwawo kukaphunzitsa pa Ashesi University. Mu 2012 iye ndi pulofesa Ken Goldberg wa ku Berkeley anayambitsa African Robotics Network, ndipo anaika mpikisano woti anthu apange loboti yophunzitsira ana ya madola 10 okha. Ina mwa zimene zinapambana inapangidwa ndi chogwirira cha magemu a pa TV chakale ndi maswiti a pakamtengo awiri. Kuno kwathu makina a Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, anachokera ku mgwirizano wa Rice University ndi madokotala a pa Queens ku Blantyre, ndipo oyambirirawo ankapopa mpweya ndi timapampu ta m'mathanki oweteramo nsomba za m'nyumba. Si loboti, koma njira yake ndi yomweyo: chinayambira mu labu, lero chili m'zipatala.

Mlimi wa kwa Kasisi:
Ine ndifunse za ngalande. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme ija ikuchokera ku Kapichira, akuti pomaliza idzathirira mahekitala opitirira 40,000 mpaka kukafika cha ku Bangula. Madzi onsewo adzagawidwa bwanji? Munthu azidzayenda ndi sipanala kutsegula zipata? Chifukwa ife a m'masikimu ang'onoang'ono timadziwa, nkhondo ya madzi imayambira pa chipata. Wa kumtunda watsegula usiku, wa kumunsi mpunga wauma.

Injiniya ku Joni:
Bambo a kwa Kasisi mwagunda pamene ndimafuna. Ntchito ya munthu wa maloboti ku Chigwa ili pamenepo, osati pa galu wa madola 74,500. Kuyeza madzi amene adutsa, zipata zotseguka ndi mota, mapampu odziteteza magetsi akavuta, makina othirira ozungulira aja mumawaona m'minda ya nzimbe ku Nchalo, ma boiler a m'fakitale ya shuga, fakitale ya ethanol ya PressCane, makina a magetsi a pa Kapichira. Kumbukirani namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya ma megawati pafupifupi 130 ndipo tonse tinaona mdima wake. Malo onsewa amafuna anthu odziwa masensa ndi makompyuta oyendetsa makina, timawatcha ma PLC. Pa chikwangwani cha ntchito sadzalemba kuti tikufuna katswiri wa maloboti. Adzalemba dzina lina, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Malume a ku Ngabu:
Ndiye mwagwirizana nane. Alowe ntchito. Mapanga awiri avumbwitsa.

Mlekichala wa kwa Tengani:
Ayi malume, sanagwirizane nanu. Woika PLC yogula kunja ndi wina, wopanga chipata choti chipirire matope a Shire ndi nyerere za ku Bangula ndi winanso. Wachiwiriyu amafunika masamu akuya, ndipo amenewo sawaphunzitsa pa shifiti ya usiku.

Admin:
Chonde tisayankhule za munthu ngati kulibe. Mayi Nachisale andipempha kuti ndimulowetse mwini nkhani. Walowa, mulandireni.

Mphwake wa Nachisale:
Zikomo a Admin. Moni makolo anga nonse, takhuta kwambiri. Ndawerenga kuyambira pamwamba ndipo ena mwandiseketsa, ena mwandiopseza. Azakhali, pepani kuti nkhaniyi yakusowetsani tulo.

Ndifotokoze pang'ono chimene chili mumtima mwanga. Nthawi ya Freddy ndinali kusukulu, anzanga a ku East Bank mafoni awo osagwira masiku angapo. Pulojekiti yanga yomaliza inali kabokosi koyeza kukwera kwa madzi mumtsinje n'kutumiza uthenga pa foni. Kanagwira pa chiwonetsero, ndinakhoza bwino. Nditakaika pa mtsinje weniweni kanakhala masiku 9 n'kufa, mpaka lero sindidziwa chinakapha n'chiyani. Achimwene a ku Joni, nkhani yanu ija ndinaimva m'mafupa. Labu imene yandiitana imachita za maloboti a m'minda ndi m'madzi, n'chifukwa chake ndikuifuna. Sindikufuna kukakhazikika kunja. Koma ndikudziwanso kuti azing'ono anga sadya kafukufuku.

Injiniya ku Joni:
Mng'ono wanga, masiku 9 pa mtsinje si manyazi, kanga kanatha sabata imodzi. Mwina chinyontho chinalowa m'bokosi, usiku chimasanduka madontho pa mawaya. Popeza wanena kuti labuyo ndi ya m'minda ndi m'madzi, ndafewako pang'ono. Koma usanavomere, afunse mafunso awa. Ophunzira awo amapita kukagwira ntchito m'makampani pakati pa maphunziro? Makina awo amayesedwa kumunda kwenikweni kapena pa kompyuta pokha? Amene anamaliza zaka zitatu zapitazo ali kuti lero? Alembere mmodzi wa iwo, osati pulofesa, chifukwa pulofesa aliyense amayamikira labu yake. Ndipo pitanso ku kampani ya ku Blantyre ija maso ndi maso, ukawauze zoona. Uwapemphe ugwire nawo miyezi imene yatsala usananyamuke, ngakhale pa malipiro ochepa. Mabwana ena amakana, ena amakonda munthu wonena chilungamo ndipo amadzakusungira malo.

Mlekichala wa kwa Tengani:
Ndiwonjezere. Funsa ngati sikolashipiyo ingathe kudikira chaka chimodzi, ena amalola ukalemba kalata yomveka. Funsanso ngati visa yake imalola kaganyu, ndi maola angati pa sabata, chifukwa fizi ya azing'ono ako itha kuchokera pamenepo. Za PhD usaziganize panopa. Maliza Masters, bwera udzaone ngati chimene waphunzira chikupirira dzuwa la kwanu, PhD udzasankha uli ndi funso lako lako osati la pulofesa. Ndipo pokasankha mutu wa kafukufuku, kabokosi kako kakufa kaja upite nako.

Kapitawo wa ku Nzimbe:
Mwana wanga, ine mawu anga ndi amodzi. Ukapange zoyeza madzi ndi zotsegula ngalande, Mulungu akudalitse. Ukadzabwera ndi chodula nzimbe usadzandipatse moni.

Mphwake wa Nachisale:
Ndamva bambo. Sindingalonjeze za makina a anthu ena, koma anga ndalonjeza.

Malume a ku Ngabu:
Chabwino, mwandichulukira. Koma iwe mnyamata, tamvera. Chaka chatha anandibera ng'ombe 3 usiku umodzi, tinalondola mapazi mpaka anasowera kumalire. Ngati maphunziro akowo ali enieni, undipangire chinthu chomangirira pakhosi pa ng'ombe choti foni yanga izindiuza kumene ili. Osati za mpira.

Injiniya ku Joni:
Kkkkk mng'ono wanga, kasitomala wako woyamba ndi ameneyo, ndipo ndi yemwe uja amati usapite kusukulu. Zoterezi zilipo kale kunja, zimagwiritsa GPS, vuto ndi mtengo, batire ndi netiweki ya kutchire. Tsopano funsa funso limene ku yunivesite sadzakuphunzitsa. Malume, mulipira zingati pa ng'ombe imodzi?

Malume a ku Ngabu:
Mbuzi imodzi pa khola lonse.

Mphwake wa Nachisale:
Khola lake la ng'ombe zingati, malume?

Malume a ku Ngabu:
Zimenezo sitinena pagulu, akuba ali momwemuno. Undipeze ku inbox. Ndipo chikhale choti wakuba asachione, chifukwa akachiona adula ndi mpeni n'kuchimangirira pa galu, ine n'kumalondola galu mpaka ku Mozambique.

Nachisale wa ku Nchalo:
Takhuta abale anga. Tagwirizana kuti Lolemba tikwera limodzi minibasi ya m'mawa kupita ku Blantyre, iye akalankhule ndi akampani aja, ine ndikadikire panja. Kalata yofunsa za sikolashipi alemba usiku uno magetsi akayaka. Za fizi ya temu ikubwerayi sindinapezebe yankho, ngati pali amene akufuna mbuzi ziwiri zazikazi andiimbire. Malume a ku Ngabu, inu musaimbe, mitengo yanu taiona.